Mpanda wa Kumunsi kwa Kasupe

Madzulo a tsikulo panalibe chachilendo. Casilda Picado anatsekera nkhuku, anakama ng'ombe imodzi yokha imene anali nayo, kenako anakhala pakhonde ndi kapu ya khofi wopanda shuga. Unali mwezi wa Epulo, chilimwe chitafika posauzana. Kwathu ku El Zarzal nyengo imeneyi mapiri amatuwa ngati bulu. Msipu umapserera, nyenje zimalira mpaka mutu kuwawa, ndipo utsi wa minda imene anthu akutentha poyembekezera mvula ya mu Meyi umangokhala m'zigwa osachoka. Malo obiriwira amatsala amodzi okha, kankhalango ka pamwamba pa munda wa Casilda. M'kati mwake muli kasupe.

Kasupe ameneyu saphwa, ndipo ndiye anali moyo wa mayiyu. Ng'ombe yake inkamwa pomwepo. Nyemba ndi anyezi za m'dimba lake zinkabiriwira anzake akudya zouma. Agwape ankatsikirapo mbandakucha, zinkhwe zinkachita phokoso m'mikungudza, ndipo anyani akuda aja obangula ngati zilombo ankagona m'mitengo ya pamwamba pake. Casilda sankawathamangitsa. Ankati madzi ndi okwanira tonse.

Malemu apongozi ake aamuna, pogawira ana awo awiri phirilo, anadzala mpanda wa mitengo ya gilisidiya modutsa kumtunda kwa kasupe. Kumtunda kunakhala kwa Ruperto, wamkulu, woweta ng'ombe. Kumunsi, pamodzi ndi nkhalango ndi madzi, kunakhala kwa Anselmo, mwamuna wa Casilda, amene tonse tinkamuitana kuti Chemo. Mpanda wa kwathu ndi wamoyo. Umadula nthambi yowongoka mwezi uli kumdima, n'kuizika chilimwe chikamatha, mvula ikabwera yaphuka, basi ndi mtengo. Lamulo lakenso aliyense amalidziwa: malire amene munthu wadzala ndi manja ake, anthu n'kuona, sawazulanso.

Chemo atamwalira ndi chifuwa, mpanda uja unaphunzira kuyenda. Ruperto sankalanda poyera ayi, pajatu anali munthu wa mpando wa kutsogolo m'tchalitchi. Chaka chilichonse ankazika nsichi zatsopano pang'ono chabe kumunsi kwa zakale, ati kulimbitsa mpanda wa malemu bambo. Zikaphuka ankasamutsira pomwepo waya waminga, n'kudula mitengo yakale ija nkhuni. Casilda ankadandaula, anthu ankamumvera chisoni, chisonicho n'kuthera pakamwa. Chaka chimenechi mpandawo unali utafika pamutu penipeni pa kasupe.

Dzuwa likulowa, Ruperto anatulukira pa nyulu yake, atavala malaya oyera. Ankapita kukachezera pamaliro a nkhalamba ina kutsidya kwa chigwa.

"Mwaswera bwanji, mlamu?"

"Ndaswera. Ndaona mitolo ya nsichi pakasupe."

"Ee, za mpanda zimenezo. Wayamba kuola, mlamu. Ng'ombe zanga zingakudyereni nyemba."

"Mpanda uli kumtunda. Mitolo ili kumunsi."

"Antchito aulesi amenewo, amangotula pamene atopera." Anaseka, akusisita khosi la nyulu. "Komatu tinene zoona. Inu ng'ombe imodzi, kasupe yense uja mungamumalize? Ndowa ziwiri patsiku ine sindingakumaneni."

"Mukufuna muzindigawira madzi anga omwe?"

"Anu? Bambo anagawira ana awo. Inu munabwera kuno ndi kabokosi ka zovala, ndikukumbuka bwino, ndinakanyamula ndine. Mwana wanu Nidia anakwatiwa ku tauni ya Matagalpa, ndi wa kwa eni tsopano. Phiri ili ndi la banja lathu la a Zeledón."

"Chemo akanakhalapo simukanayankhula choncho."

Ruperto anamuyang'ana. Kuseka kuja kunali kutatha.

"Munkamudziwa bwino Chemo, mlamu?"

Anamenya nyulu ndi chidendene n'kumapita. Posakhalitsa panadutsanso amayi, atafunda nsalu zakuda, makandulo ali m'manja. Remigia, mnzake wa Casilda wa kuyambira ali atsikana, anaima pachipata.

"Casilda iwe, tiye kumaliro."

"Mutu ukundiwawa."

"Mutu kapena mlamu?"

"Tazipita, ungatsalire."

Casilda sanalowe kukagona. Mtima unali kuwira. Anaganiza za zaka zimene anakhala paphiri limeneli, kudzuka kusanache kupera chimanga chophikira tortiya, mkate wathu wopyapyala, kuthyola khofi wa apongozi zala zitachita dzanzi ndi chisanu, mapeto ake n'kutchedwa mlendo wa kabokosi. Ndiye nzeru inamubwerera. Mudzi wonse unali kumaliro, Ruperto yemwe. M'mawa onsewo adzabwerera kudzera njira ya m'mbali mwa nkhalango. Akanyamula nsichi zija usiku uno n'kukazizika kumtunda, pa zitsa za mpanda wa apongozi, anthu adzamupeza atadzala ndi manja ake malire enieni. Ruperto adzakhala atamudulira yekha nsichi zomutsekera kunja.

Anatenga chikwanje, chitsulo chokumbira maenje ndi koloboyi. Galu wake Tizón, amene kale anali wa Chemo, anatsogola.

Mwezi kunalibe. Chifunga chinali chitatsika kuchokera pamwamba pa phiri n'kusakanikirana ndi utsi, moti kuwala kwa koloboyi kunkangothera pamapazi. M'njira munakhala lumbe, maso ake ali psuu. Casilda akayandikira, ankauluka pang'ono n'kutera kutsogolo. Anatero, anateronso. Pofika m'mphepete mwa nkhalango, mbalameyo inatembenuka n'kubwerera kumene achokera.

Tizón anaima. Sanauwe. Anagwedeza mchira kamodzi, monga amachitira galu akamva mwini wake, kenako mchirawo anaupinda pakati pa miyendo n'kugona pansi. Casilda anamuitana motsitsa mawu. Galu anayang'ana kumbali.

Analowa yekha.

M'nkhalangomo munali zii. Achule a pakasupe, amene amalira ngakhale pachilimwe, anali chete. Ankangomva masamba ouma akuphwanyika pansi pa nsapato zake. Kenako anamva china.

Khwa. Khwa. Khwa.

Munthu ankasongola nsichi ndi chikwanje.

Casilda anazimitsa koloboyi. Anaganiza kuti Ruperto wamupusitsa, wasiya wantchito kuti adzale usiku. Mkwiyo unamupatsa mphamvu. Anagwiritsa chitsulo chija n'kusendera pafupi, mtengo ndi mtengo.

Munthu uja anatsokomola.

Casilda anaima. Chifuwa chimenecho anagona nacho chipinda chimodzi zaka ziwiri. Chinkayamba pansi, n'kukwera, n'kuthera ndi kakhweru. Anachiphikira masamba a bulugamu, anachipukutira magazi pamilomo, anachimva chikutha m'bandakucha wina wa mvula. Sakanachisokoneza ndi cha munthu wina aliyense.

Chifunga chinang'ambika pang'ono. Patsogolo pake panali mwamuna atawerama, atamufulatira. Kumutu anali ndi chipewa cha mlaza, chopserera mbali imodzi pamene chinagwera pamoto kalekale. Chipewa chimenecho Casilda anachiika yekha m'bokosi la maliro. Chikwanje chinali kudzanja lamanzere, ndipo wamanzere pabanja lonse la a Zeledón anali mmodzi.

Kwathu mwana aliyense amadziwa chochita ukakumana ndi wakufa. Suthawa, sumugwira, sumuyang'ana kumaso. Umaima n'kufunsa kuti, "M'dzina la Mulungu, mukufuna chiyani?" Ukatero sangakunamize. Amanena chimene wadzera, n'kumapita, osabweranso.

Mawuwo anafika pakamwa pa Casilda. Anawameza. Afunsirenji? Mwamuna wake wadzuka kumanda usiku womwe iye wasowa womuthandiza, wagwira chikwanje, ali pa nsichi. Angafunenso chiyani china? Ndiponso akafunsa, apita. Zaka zonsezi panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaima mbali yake. Misozi inatsika, ya chimwemwe. Akulu ananena kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma miyambi imakumbukika m'mawa.

Mwamuna uja anaika chikwanje m'chimake, n'kutambasulira dzanja kumbuyo osacheuka. Casilda anamupatsa chitsulo chokumbira. Zala zawo sizinakhudzane, koma kuzizira kunadutsa m'chitsulomo mpaka m'chigongono.

Anayamba ntchito monga ankachitira kale. Iye kutsogolo akukumba, Casilda pambuyo akuzika nsichi, kukwirira ndi manja, kupondera ndi chidendene. Nthaka ya mu Epulo imalimba mpaka chitsulo kulira, koma usiku umenewo chinkangolowa ngati m'phala, popanda phokoso. Masamba ouma sankaphwanyika pamene iye waponda. Mtolo ukatha, wina unkapezeka uli pafupi. Casilda sanafunse kuti waufikitsa ndani.

Pang'ono ndi pang'ono mantha anachepa, lilime linamasuka.

"Chemo, ukanaona zimene m'bale wako wandichita."

Chitsulo chinalowa m'nthaka.

"Akuti ndinabwera ndi kabokosi. Ine, Chemo. Amayi ako anafera m'manja mwanga."

Mwamuna uja anatsokomola.

"Nidia ali ndi mwana wamwamuna. Makutu ndi ako enieni."

Mwamuna uja anangosunthira kutsogolo, dzenje lina. Chemo ali moyo analinso wotero, munthu wa mawu ochepa, ndipo Casilda anazolowera kumuyankhira yekha mumtima.

Nthawi ina Casilda anafufuza ndi phazi zitsa za mpanda wa apongozi. Sanazipeze. Anati zakwiririka ndi masamba. Nthawi inanso anaima kuti amve kumene madzi akulirira. Anamveka kudzanja lamanja, kenako kumanzere, kenako paliponse, monga amachitira madzi m'chifunga. Mtima unagunda kamodzi molakwika. Koma dzenje lotsatira linali kudikira, ndipo msana wa mwamuna wake unali patsogolo pake, msana umene anautsatira moyo wake wonse. Anawerama n'kuzika.

Zikhatho zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Msana unauma. Anapitiriza.

Kenako anyani anabangula m'mitengo, chizindikiro chakuti kunja kwayandikira kucha. Mwamuna uja anakumba dzenje lomaliza, n'kuimika chitsulo pansi. Casilda anazika nsichi, anapondera. Atadzutsa mutu, anamuona ataima tsidya lina la mzere umene adzalawo.

"Zikomo, Chemo," anatero.

Chipewa chinapendekeka pang'ono. Kenako anayamba kuyenda, chokwera, osacheuka, mpaka chifunga chinamumeza. Chifuwa chinamveka kamodzi kutali.

Casilda anakhala pansi, atatsamira nsichi. Anali wotopa, koma mumtima munali mwayera. Anadikira anthu.

Anawamva asanawaone: ziboda za nyulu, amayi akung'ung'udza nyimbo ya maliro, amuna akukangana za amene anamaliza kachasu. Dzuwa linagunda pamwamba pa phiri, chifunga chinayamba kunyamuka. Choyamba kuoneka chinali dimba la nyemba. Linali pafupi kwambiri. Kenako denga la nyumba yake, khola la ng'ombe, Tizón atagona pamene anamusiya. Zonsezi sizikanayenera kuoneka munthu ali kumtunda kwa nkhalango.

Anatembenuka pang'onopang'ono.

Mzere wa nsichi unali wowongoka bwino, kuchokera kuchigwembe mpaka kunjira. Unadutsa kumunsi kwa nkhalango yonse. Mikungudza, mitengo ya anyani, kasupe, zonse zinali tsidya linalo. Kumbali kwake kunatsala munda wotuwa ndi nyumba.

Anthu anaima m'njira. Nyimbo inaduka. Anamuona onse, mudzi wathunthu: dothi mpaka m'zigongono, magazi m'zikhatho, chitsulo chake chili chiimire pambali pa nsichi yomaliza.

Ruperto anatsika pa nyulu. Anayandikira nsichi imodzi, anaiyang'ana mmene inadulidwira pamwamba. Chikwanje cha wamanzere chimasiya msongo wopendekera kwina, ndipo amuna onse amene analipo anaona chimene iye anaona. Nkhope yake inatuwa. Anachita chizindikiro cha mtanda. Ndinalipo, ndipo ndingalumbire kuti munthuyo anachita mantha enieni. Koma dyera silichedwa kuchira. Anayang'ana kasupe, anayang'ana anthu, n'kuvula chipewa.

"Mlamu, mwandipeputsira ntchito. Ine ndimati tikangana."

"Sindine," anatero Casilda. "Ndimadzala kumtunda. Anandilondolera ndi Chemo."

Amayi anayang'anana. Wina anati, "Mayi Maria," chapansipansi.

Casilda anagwira nsichi ndi manja awiri n'kukoka. Sinasunthe. Anagwira ina. Nsichi yozikidwa usiku womwewo mwana amaizula ndi dzanja limodzi, koma izi zinali ngati zamera kale mizu. Anakoka mpaka anagwa chagada.

Don Nicasio, wamkulu amene amaweruza za malire kwathu, anatsokomola mwaulemu.

"Mwana wanga, kaya anakutsogolera ndani, ife sitinamuone. Taona iwe. Manja ndi akowo?"

Casilda anayang'ana manja ake.

"Ndi anga."

"Ndiye malire ndi amenewa."

Mvula inabwera mu Meyi, yamphamvu. Mwa nsichi zimene munthu amazika, zina zimauma, zina chiswe chimadya. Izi zinaphuka zonse, osatsala ndi imodzi. Ruperto anakhomapo waya waminga chimanga chisanafike m'mawondo. Mapiri anabiriwira, ziphaniphani zinadzaza m'madambo, khofi anachita maluwa oyera fungo lake n'kumamveka mpaka m'nyumba, koma Casilda zonsezo sankaziona. Ankaona ng'ombe za mlamu wake zikutsikira pakasupe, kuponda, kunyera, mpaka madzi oyera aja anasanduka thope. Antchito anasenga tchire la m'munsi mwa mitengo kuti pamere msipu. Agwape analeka kubwera. Pofika nyengo yothyola khofi, mphepo yozizira ikuwomba, anyani anali atasamukira kuphiri lina, ndipo m'mawa kwathu kunkacha mwakachetechete.

Ndowa ziwiri zija Ruperto anakumbukira kumulonjezanso, pamaso pa anthu, potuluka m'tchalitchi. Casilda anamudutsa ngati sanamve. Chilimwe chitabweranso anayamba kutsikira kumtsinje wa m'chigwa, ulendo wakuti ukapita m'mawa umabwera dzuwa litakwera. Dimba linauma. Ng'ombe inaleka kutulutsa mkaka, mkamwini wake anabwera n'kuitenga.

Zonena ndiye zinalipo, za m'makhitchini ndi za pansi pa mitengo ya khofi. Ena ankati Ruperto anatuma munthu kuti avale ngati malemu. Koma antchito ake onse anachezera nafe pamaliro, ndipo chipewa chopsa chija aliyense anachiona chikulowa m'manda. Ena ankati chifunga cha mu Epulo chimazunguza mutu, mayiyo anadzala yekha ali m'tulo. Nanga msongo wa kumanzere uja anadula ndani? Ena, akuyang'ana uku ndi uku, ankati Chemo akudwala anaitana mkulu wake n'kumulonjeza kuti madzi a bambo awo sadzapita kwa mkamwini wa ku Matagalpa, ndipo wakufa sagona lonjezo lisanakwanire. Amayi achikulire ankangopukusa mitu, ati chibale ndi fupa sichiola, mkazi ndiye amaola. Koma Ruperto, chichitikireni zimenezi, sadutsa m'nkhalangomo dzuwa litalowa.

Tsiku lina Remigia anakumana naye pachitunda, akukwera kuchokera kumtsinje, ndowa ili pamutu. Anali ataonda. Remigia anamuthandiza kutula, nakhala onse pamwala. Funso limene analisunga chaka chathunthu linamutuluka.

"Casilda iwe, usiku uja unamufunsa? M'dzina la Mulungu, monga timachitira?"

"Ayi."

"Unaiwala?"

"Sindinaiwale." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu. "Munthu uja ndinamuphikira, ndinamuchapira, ndinamusambitsa atalephera kudzuka. Zaka zonsezo sindinamufunsepo kuti ali mbali ya ndani. Ndinkayesa ndikudziwa. Ndiye ndikanayamba usiku umenewo?"

Remigia anati, "Akuti wosafunsidwa amabweranso. Akabwera, udzamufunse."

"Ndidzamufunse chiyani? Anandiyankha kale." Casilda analoza ndi mlomo kumtunda. "Si uko, kwachita maluwa."

Remigia anayang'ana. Gilisidiya amayoyola masamba pachilimwe n'kuvala maluwa ofiirira, ndipo mpanda uja unali utachita maluwa kuchokera kuchigwembe mpaka kunjira, njuchi zili ng'waa. Panalibe mpanda wokongola ngati umenewo m'phiri monsemo.

"Tandisenzetsa," anatero Casilda. "Madzi akutentha."